Kodi nkhondo ndi imene inatukula Vietnam?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa sekondale: "Foni yanga ya Samsung ndi nsapato za mwana wanga zonse zalembedwa kuti zinapangidwa ku Vietnam. Ine dziko limeneli ndinkalidziwa ndi nkhondo basi. Anzanga ena amati nkhondo ndi imene inawalimbitsa mtima anthu amenewa, n'chifukwa chake akutukuka, ndipo ife tikutsalira poti sitinavutikepo chotero. Kodi nkhondo zinasintha bwanji chikhalidwe ndi chuma cha anthu a ku Vietnam? Nanga anzangawa akunena zoona?"

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Anzanuwo pena alondola, koma pomalizira pawo ndikutsutsana nawo ndithu. Nkhondo inasiyadi zizolowezi zina mwa anthu a ku Vietnam zimene pambuyo pake zinagwira ntchito pa chitukuko. Komabe mfuti zitaleka kulira mu 1975, dzikolo linali m'gulu la mayiko osaukitsitsa padziko lonse, ndipo linakhala choncho zaka zoposa 10. Mafakitale amene anapanga foni yanuyo anabwera atsogoleri atasiya kuyendetsa chuma monga ankayendetsera nkhondo.

Ife tikamva za nkhondo ya ku Vietnam timaganiza za America. Eni ake amaiwerengera ngati imodzi chabe mwa zambiri, ndipo mdani amene anawavutitsa nthawi yaitali ndi China, mnansi wawo wa kumpoto. Mafumu a ku China analamulira chigwa cha mtsinje wa Red River kuyambira chaka cha 111 Yesu asanabadwe mpaka 938, zaka zoposa 1,000. Mu chaka cha 40, amayi awiri apachibale, Trung Trac ndi Trung Nhi, anatsogolera anthu kuukira ulamulirowo ndipo anagwira dziko zaka zitatu asanagonjetsedwe. Mu 938 Ngo Quyen anazika mitengo yosongoka pansi pa mtsinje wa Bach Dang, n'kukopera zombo za adani kuti zilowe madzi atadzaza. Madzi ataphwa, zombozo zinabayidwa ndi kutsakamira. Patapita zaka 350, mu 1288, Tran Hung Dao anachitanso zomwezo pa mtsinje womwewo kwa asilikali a ku Mongolia, amene anali atagonjetsa kale China yense. Le Loi anathamangitsa asilikali a mafumu a Ming a ku China mu 1427 atamenya nawo zaka pafupifupi 10, ndipo Quang Trung anathamangitsa a mafumu a Qing, a ku China komweko, mu 1789.

Mayina amenewa sali m'mabuku okha. Pafupifupi mzinda uliwonse wa ku Vietnam uli ndi msewu wa Le Loi, wa Tran Hung Dao kapena wa Hai Ba Trung, ndiye kuti wa amayi awiri aja. Tran Hung Dao amamulemekeza ngati mzimu woteteza, ndipo anthu amapita kukafukiza lubani ku kachisi wake ku Kiep Bac. Ali ndi mwambi wakuti mdani akafika pakhomo, ngakhale mayi amamenya nkhondo. Ali ndi winanso wakuti lamulo la mfumu yaikulu limagonjera mwambo wa m'mudzi. Midzi ya kumpoto inkazunguliridwa ndi mpanda wothithikana wa nsungwi, ndipo anthu a m'mudzimo ankamangira limodzi mitumbira yotchinga madzi osefukira, kugawana minda ya mudzi, ndi kudziteteza okha. Mdani ankatha kulanda likulu, koma midzi masauzande inkatsala ikudziyendetsa yokha.

Chimene chimandisangalatsa pa mbiri imeneyi n'chakuti anthuwa anakana ulamuliro wa China koma anatola nzeru zake zambiri. Anatengako malemba, kayendetsedwe ka boma, ndi mayeso olembera anthu ntchito za boma. Ku Hanoi kuli kachisi wa maphunziro wa Van Mieu amene anamangidwa mu 1070, ndipo muli miyala 82 yolembedwa mayina a anthu amene anakhoza mayeso apamwamba. Mwana wa mlimi akakhoza, mudzi wonse unkatukuka naye. Ulemu wa maphunziro umenewu udakalipo: pa 20 Novembala chaka chilichonse ana ndi makolo amapita ndi maluwa kwa aphunzitsi awo.

Tisawaone ngati anthu ongoputidwa nthawi zonse. Nawonso anaputa anzawo. Mu 1471 anaphwasula likulu la ufumu wa Champa, ndipo m'zaka zotsatira analowerera kumwera mpaka kutenga chigwa cha Mekong, chimene chinali cha anthu a mtundu wa Khmer. Mabanja awiri achifumu, Trinh kumpoto ndi Nguyen kumwera, anamenyana okhaokha zaka zambiri m'ma 1600. Chigwa cha Mekong chimene lero chimatulutsa mpunga wambiri wogulitsa kunja chinabwera kudzera m'kulanda kumeneku. Ndipo kuyambira nthawi imeneyo kumwera kunakhala ndi mtima wakewake, wokonda malonda ndi womasuka, kusiyana ndi kumpoto kosunga mwambo.

Asilikali a France anafika ku Da Nang mu 1858 n'kuyamba kulanda dzikolo pang'onopang'ono. Anatsegula minda ya mphira ndi migodi ya malasha, kumene anthu ankagwira ntchito yakalavula gaga, ndipo boma lachitsamunda linkadyera pa malonda a mchere, mowa ndi opiyamu amene linkawagwira lokha. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse Japan analowa, n'kumalanda mpunga ndi kukakamiza alimi kudzala mbewu zothandiza pa nkhondo. Njala ya 1944 mpaka 1945 inapha anthu ochuluka kumpoto, ndipo ziwerengero zina zimafika pa 2 miliyoni. Ho Chi Minh, mtsogoleri wa omenyera ufulu, analengeza ufulu pa 2 Sepitembala 1945, ndipo m'masiku ochepa boma lake linayambitsa sukulu za kwacha, ponena kuti umbuli ndi mdani mofanana ndi njala komanso wachitsamunda. Ankaphunzitsa ndi zilembo zachilatini zimene amishonale anakonza m'ma 1600, zosavuta kusiyana ndi malemba a ku China, ndipo anthu mamiliyoni anadziwa kuwerenga nkhondo ili mkati. France anabwerera, nkhondo inatenga zaka 8, n'kuthera ku Dien Bien Phu pa 7 Meyi 1954. Kumeneko General Vo Nguyen Giap anapambana chifukwa anthu wamba masauzande ambiri anakankha njinga zolimbitsidwa ndi nsungwi, iliyonse itasenza mpunga kapena zida zolemera makilogalamu 200 ngakhale kuposa, ndipo asilikali anakoka mizinga ndi zingwe kukweza mapiri.

Pangano la ku Geneva la 1954 linagawa dziko pawiri: kumpoto kunkalamula chipani cha chikomyunizimu cha Ho Chi Minh, kumwera kunali boma lothandizidwa ndi America. Anthu pafupifupi 1 miliyoni, ambiri mwa iwo Akatolika, anasamukira kumwera. Anapita ndi pho, msuzi wa nyama ndi zingwezingwe za ufa wa mpunga, umene unali chakudya cha kumpoto. Pambuyo pa 1975 othawa kwawo anaufikitsa ku Paris, California ndi Sydney. Buledi wa banh mi ndi khofi wothira mkaka wam'chitini ndi zotsalira za nthawi ya France.

Nkhondo ya America ndiyo inapweteka koposa. Asilikali a America anatsika ku Da Nang mu Malichi 1965, anachoka pambuyo pa pangano la ku Paris la 1973, ndipo Saigon, likulu la boma la kumwera, inagwa m'manja mwa asilikali a kumpoto pa 30 Epulo 1975. Boma la Vietnam linanena mu 1995 kuti anafa anthu wamba pafupifupi 2 miliyoni ndi asilikali a mbali yake 1.1 miliyoni. Asilikali a boma la kumwera anafa oposa 200,000, a America pafupifupi 58,000. Mabomba oposa matani 7 miliyoni anagwa pa Vietnam, Laos ndi Cambodia. Ku Vinh Moc mudzi wonse unasamukira m'mapanga okumba pansi, ndipo ana ena anabadwira momwemo.

Pano ndipo nkhondo inalowa mkatikati mwa chikhalidwe, ndipo ndikufuna mumvetse bwino. Pafupifupi nyumba iliyonse ya ku Vietnam, kaya ya Mbuda, kaya ya wachipani, ngakhale ya Akatolika ambiri, ili ndi guwa la makolo: zithunzi za omwalira, lubani, zipatso, kapu ya tiyi. Tsiku limene munthu anamwalira limakumbukiridwa chaka ndi chaka ndi chakudya cha banja lonse, ndipo kwa ambiri limaposa tsiku lobadwa. Malinga ndi chikhulupiriro chawo, munthu wofa imfa yoipa, kutali ndi kwawo, wosaikidwa m'manda mwa mwambo, mzimu wake umangoyendayenda ndi njala. Tsono ganizirani dziko limene asilikali oposa 200,000 mabanja awo sakudziwa kumene anagona. Mpaka lero pali mabanja amene amasonkha ndalama, kukwera basi ndi kukakumba m'nkhalango za kumalire ndi Laos kufunafuna mafupa a bambo kapena mchimwene. Ena amafunsira kwa olosera, ena amapereka magazi kuti ayezedwe DNA. M'mwezi wachisanu ndi chiwiri wa kalendala yawo, anthu amaika phala la mpunga ndi mchere panja pa nyumba kuti mizimu yopanda kwawo idye. Inu mukudziwa mmene banja limavutikira mtima thupi la m'bale likapanda kufika kumudzi, choncho ululu umenewu si wachilendo kwa inu.

Boma nalo lili ndi njira zake zokumbukira. Pa 27 Julaye ndi tsiku la asilikali ovulala ndi ofera dziko. Manda a Truong Son ku Quang Tri ali ndi mitumbira yoposa 10,000. Kuyambira 1994 boma limapereka ulemu wapadera kwa amayi amene anataya ana ku nkhondo, ndipo pafupi ndi Tam Ky pali chipilala chachikulu chosema nkhope ya Mayi Nguyen Thi Thu, amene anataya ana aamuna 9. Chimene chimandipweteka n'chakuti ulemu umenewu ndi wa mbali imodzi. Amene anafera boma la kumwera sawerengedwa ngati ngwazi, ndipo manda awo aakulu pafupi ndi Bien Hoa anakhala osasamalidwa zaka zambiri. Pali mabanja amene pa guwa limodzi pali zithunzi za abale awiri, wina anafera kumpoto wina kumwera. M'nyumba onse amafukiziridwa lubani mofanana, koma boma limadziwa mmodzi yekha.

Amuna atapita ku nkhondo, amayi ndi amene analima, kuyendetsa mafakitale, kukwirira maenje a mabomba m'misewu, ndi kuombera ndege. Mpaka pano Vietnam ili m'gulu la mayiko amene amayi ambiri amagwira ntchito zolipidwa, ndipo m'mafakitale a zovala, nsapato ndi mafoni ambiri ndi amayi.

Tsopano za chuma. Dziko litagwirizana mu 1976, atsogoleri anaganiza kuti njira imene inapambana nkhondo ipambananso umphawi: boma lilamule, anthu amvere. Alimi a kumwera anakakamizidwa kulowa m'makopaletivi, mabizinesi a anthu analandidwa, ndipo anthu masauzande ambiri amene anatumikira boma lakale anatsekeredwa m'misasa yoti akasinthe maganizo, ena kwa zaka zoposa 10. Pakati pawo panali madokotala, aphunzitsi ndi amisiri amene dziko linkawafuna. Amalonda a mtundu wa Hoa, ochokera ku China, anathawa mwaunyinji mu 1978 ndi 1979. Anthu pafupifupi 800,000 anathawa pa maboti n'kufika kumayiko ena amoyo, ndipo ambiri osawerengeka anamira kapena kuphedwa ndi achifwamba apanyanja. Nkhondo nayo inali isanathe. Mu Disembala 1978 Vietnam inalowa mu Cambodia n'kuchotsa boma lakupha la Khmer Rouge, ndipo asilikali ake anakhalako mpaka 1989. Mu Febuluwale 1979 China inaukira malire a kumpoto. America inali itaika chiletso cha malonda, mwakuti dzikolo linkangodalira thandizo la Soviet Union.

Akuluakulu a ku Vietnam amakumbukira zaka zimenezo ngati nthawi ya makuponi. Mpunga, nyama, nsalu, sopo, zonse zinkagulidwa ndi makuponi a boma pambuyo poima pamzere kuyambira mbandakucha. Mpunga unkasakanizidwa ndi chinangwa ndi mbewu zina kuti ukwane. Mlimi sankalimbikira m'munda wa kopaletivi, poti wakhama ndi waulesi ankalandira mofanana, koma kadimba kake ka kuseri kwa nyumba kankabereka kwambiri. Boma linasintha ndalama mu 1985, zosunga za anthu zinasanduka mapepala, ndipo mu 1986 mitengo ya zinthu inakwera ndi maperesenti oposa 700. N'chifukwa chake mpaka lero mabanja ambiri amasunga chuma chawo mu golide, ndipo kwa nthawi yaitali mtengo wa nyumba unkanenedwa mu golide.

Kusintha kunayambira pansi. Kalekale mu 1966, mkulu wa chipani m'chigawo cha Vinh Phuc, Kim Ngoc, analola mabanja kulima minda paokha, ndipo akuluakulu anamudzudzula n'kuletsa. Njala itakula, midzi ina inayambiranso kuchita zomwezo mobisa, monga mwambi wa mfumu ndi mudzi uja unenera. Mu Disembala 1986 msonkhano waukulu wa chipani unavomereza ndondomeko yomasula chuma yotchedwa Doi Moi, motsogozedwa ndi mkulu watsopano wa chipani Nguyen Van Linh. Mu 1987 kunabwera lamulo lolola makampani akunja kuika ndalama m'dzikomo. Mu 1988 mabanja anapatsidwa minda kuti alime ndi kugulitsa zokolola zawo, ndipo lamulo la 1993 linawalola kubwereketsa, kusinthana ndi kusiyira ana ufulu wa mindayo. Dziko limene mu 1988 linali ndi njala, mu 1989 linagulitsa kunja mpunga woposa matani 1 miliyoni. Alimi anali omwewo, nthaka yomweyo. Ine ndimaona kuti chaka cha 1988 n'chofunika pa chuma cha Vietnam kuposa chaka chilichonse cha nkhondo.

Apa ndi pamene zotsalira za nkhondo zinayamba kuthandiza. Anthu ambiri anali odziwa kuwerenga. Boma linali ndi mizu yofika m'mudzi uliwonse, mwakuti katemera, magetsi, ngalande zothirira ndi mbewu zatsopano zinkafikadi kwa anthu. Khofi anafalikira m'mapiri a Dak Lak, poyamba mothandizidwa ndi East Germany, mpaka Vietnam inakhala yachiwiri padziko lonse pambuyo pa Brazil, ngakhale mitundu ya anthu a kumapiriko monga Ede ndi Jarai inataya malo ambiri chifukwa cha obwera. Lero dzikolo limatsogola pa malonda a tsabola wakuda ndi mtedza wa kashu wosenda, ndipo mtedza wambiri wosasenda limagula ku Africa kuno. Umphawi unatsika kuchoka pa maperesenti 58 mu 1993 kufika pansi pa 5, m'dziko la anthu oposa 100 miliyoni. Pa mayeso a PISA a 2012, amene amayerekeza ana a sukulu a mayiko osiyanasiyana, ana a zaka 15 a ku Vietnam anaposa a ku America ndi Britain pa masamu ndi sayansi.

Chinthu chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi mmene anakhalira pansi ndi adani awo akale. America inachotsa chiletso mu 1994, ubale unabwerera mu 1995, chaka chomwe Vietnam inalowa m'bungwe la ASEAN, la mayiko a kumwera chakum'mawa kwa Asia. Pangano la malonda ndi America linayamba kugwira ntchito mu 2001, ndipo mu 2007 analowa mu WTO, bungwe loona za malonda a padziko lonse. Lero America ndiye msika waukulu wa katundu wa Vietnam, ndipo pafupifupi theka la nsapato za Nike zimasokedwa kumeneko. South Korea inatumiza asilikali oposa 300,000 kukathandiza America pa nkhondo ija, koma lero mafakitale a Samsung ku Bac Ninh ndi Thai Nguyen amalemba ntchito anthu masauzande ambiri. Othawa kwawo aja, amene boma linkawatcha oukira, tsopano amatumiza kumudzi madola oposa 10 biliyoni pachaka ndipo amalandiridwa ndi manja awiri. Asilikali nawo analowa m'malonda. Kampani ya mafoni ya Viettel ndi ya unduna wa zachitetezo, ndipo abale athu a ku Tete ndi Angónia amaidziwa kudzera mu Movitel, imene inayamba ntchito ku Mozambique mu 2012 n'kufikitsa netiweki kumidzi yakutali.

Anzanu aja akafuna kunena kuti nkhondo imatukula, afotokoze za Laos ndi Cambodia, amene anaphulitsidwa ndi mabomba omwewo koma ali m'mbuyo. Afotokozenso chifukwa chake Thailand ndi Malaysia, amene sanaone nkhondo ya msinkhu umenewu, mpaka lero munthu wa kumeneko amapeza zambiri kuposa wa ku Vietnam. Tinaonanso ndi maso athu chimene nkhondo ya 1977 mpaka 1992 inachita ku Mozambique, pamene anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi. Walira mvula walira matope. Ku Vietnam mabomba osaphulika apha anthu oposa 40,000 chithereni nkhondo, ambiri alimi ndi ana, ndipo ku Quang Tri magulu ochotsa mabomba akadali pa ntchito. Pakati pa 1961 ndi 1971 America inapopera malita oposa 70 miliyoni a mankhwala opha zomera, kuphatikizapo Agent Orange, ndipo mabanja ambiri akulera ana ndi zidzukulu zaulumali zimene boma limati zinadza ndi poizoni ameneyu. Ntchito yoyeretsa nthaka pa bwalo la ndege la Da Nang inatha mu 2018, ya ku Bien Hoa inangoyamba mu 2019. Nkhondo inasiyanso chipani chimodzi chimene chimati ndicho chinamasula dziko, choncho sichilola wopikisana nacho, ndipo atolankhani ndi anthu olemba zodzudzula boma pa intaneti amamangidwa.

Mantha akale a China sanathe. Mayiko awiriwa akulimbirana zilumba za Paracel ndi Spratly, ndipo mu 1988 asilikali 64 a Vietnam anaphedwa ndi asilikali a China ku Gac Ma, m'zilumba za Spratly. Mu 2014 China itaika chitsulo chokumbira mafuta m'madzi okanganirana, anthu okwiya anawotcha mafakitale a alendo ku Binh Duong. Komabe zipangizo zambiri zimene mafakitale a Vietnam amalumikiza n'kugulitsa ku America zimachokera ku China komweko. Atawona mmene kudalira Soviet Union yokha kunawasiyira pamtetete, atsogoleri anatenga njira imene Nguyen Phu Trong, yemwe anali mkulu wa chipani, ankaitcha ukazembe wa nsungwi: tsinde lolimba, nthambi zopindika. Mu 2019 analemba poyera kuti salowa mgwirizano wa nkhondo ndi dziko lililonse, sagwirizana ndi dziko lina pofuna kulimbana ndi linzake, salola misasa ya asilikali akunja, ndipo saopseza kapena kuyamba ndi mphamvu. Pakati pa Sepitembala 2023 ndi Juni 2024, Hanoi inalandira Joe Biden, Xi Jinping ndi Vladimir Putin, aliyense pa nthawi yake.